Zaka Zanga Zinakanidwa mu Shedi ya kwa Mbenje

Ndikukumbukira fungo la shedi ija ya kwa Mbenje kuposa mmene ndimakumbukirira nkhope za anzanga ena a m'kalasi. Inali nyumba yaitali ya malata okhaokha, yopanda mawindo, imene anaimanga kuti azisungiramo chimanga cha anthu othawa nkhondo ku Mozambique. Nkhondo itatha, anthu ambiri atabwerera kwawo, magalimoto a chimanga anasiya kubwera, ndipo shediyo inatsala ya mileme ndi mbuzi. Ukangolowamo, fungo la ndowe za mileme losakanikirana ndi la mankhwala a anankafumbwe linkakugwira pakhosi. M'menemo ndi mmene ine ndinaphunzirira tenisi.

Amene ankatiphunzitsa anali a Domingo, telala wa pamsika, mmodzi mwa anthu amene sanabwerere kwawo. Ali mnyamata ku Beira ankatola mipira pabwalo la tenisi la azungu. Pothawa nkhondo anasiya bedi, mipando ndi njinga, koma ananyamula makina osokera ndi maraketi awiri. Akazi awo sanawakhululukire nkhani ya njingayo mpaka imfa. Panja sitikanatha kusewera. M'chilimwe dzuwa la kuchigwa linkawotcha mapazi, ndipo m'nyengo yozizira mwera unkanyamula mpira n'kukauponya m'munda wa mapira wa eni ake. Choncho a Domingo anasesa mbali imodzi ya shedi, nalemba mizere ndi laimu pasimenti, namangirira pakati ukonde wakale umene anapempha kwa bambo anga, omwe anali msodzi kudambo.

Ine ndinalowamo mwangozi. Tsiku lina ndikudutsa ndi beseni la masau kupita kumsika, ndinamva kulira kwa mpira, phu, phu, malata akuyankhira. Ndinasuzumira pakhomo. Masau aja sanafike kumsika tsikulo, tinawamaliza tokha ndi anzanga, ndipo madzulo ndinalandira mbama ziwiri kwa amayi. Mawa lake ndinabwereranso.

Maraketi enieni anali awiri aja basi. Enafe tinkamenyera matabwa amene a Domingo anasemetsa kwa kalipentala, ndipo mipira yathu inali itatha ubweya wonse, yosalala ngati mazira. Raketi yeniyeni unkaigwira ukaonetsa kuti wayamba kudziwa. Ine ndinaigwira msanga. Ndinali mwana wamtali mochititsa manyazi, miyendo yaitali yoonda, mapewa otambalala chifukwa chothandiza bambo kupalasa bwato. Kusukulu ankanditcha Kakowa, dzina langa la Rozina n'kumangomveka poitana mayina m'mawa. Koma mu shedimo miyendo ija inali chuma. Mpira umene ena ankausiya kuti wapita, ine ndinkaupeza.

A Domingo anali ndi khumbo limodzi limene anthu pamsika ankawaseka nalo. Ankafuna kuti mpikisano wa ana a dziko lonse, umene unkachitika m'nyengo yozizira, udzachitikire kwathu. Ankatseka makina awo n'kukwera matola kupita ku Blantyre kukavutitsa akuluakulu a masewerawa. Ankabwerako ali fumbi lokhalokha, opanda yankho. Chimene chinawathandiza pomaliza chinali chiperoni. Kumtunda, miyezi imeneyo kamvula kowaza kankanyowetsa mabwalo awo, masewera n'kumaima. A Domingo anawauza kuti kwathu kuli bwalo lofolera, mvula kapena mphepo sizilowa. Za mileme sanatchule.

Uthenga utafika woti avomera, anthu amene ankaseka aja ndi amene anayamba kufika ndi makasu. Amuna anafukiza utsi kuthamangitsa mileme, amayi anakolopa simenti mpaka inayamba kuwala, anyamata anakwera padenga kukhoma malata amene ankaphaphalika. A tchalitchi anabwereketsa mabenchi, ndipo amene sankapondako kutchalitchi ndiwo anawanyamula pamutu. Tinalemba mabwalo awiri motsatizana. Bambo anga anakhala pansi pa mtengo wa bwemba n'kuluka maukonde awiri atsopano, amene sanalowepo m'madzi, chifukwa ankati alendo asadzamve fungo la mlamba. Anthu ambiri sankadziwa n'komwe malamulo a tenisi. Chimene ankadziwa n'chakuti kumtunda ankatitenga ngati anthu a udzudzu, madzi osefukira ndi chimanga chopemphetsa, ndipo ulendo uno akumtundawo ndiwo ankatsika kubwera kwa ife.

Tsiku lofika alendo kunacha kozizira, kozizira kwa kwathu. Tonse tinavala majuzi, amayi anadzifunditsa zitenje ziwiriziwiri. Mabasi ataima, anatsika ana a ku Blantyre, Zomba, Lilongwe ndi Mzuzu, akudzikupiza ndi zipewa, thukuta lili kamukamu. Iwo ankatiyang'ana ife ndi majuzi athu, ife tinkawayang'ana iwo ndi nsapato zawo zoyera mbee, ndipo mbali iliyonse inkaona kuti inzakeyo yapenga. Mwana aliyense anali ndi chikwama chake cha maraketi. Ndinaona mtsikana wina akutulutsa mipira yatsopano m'chitini, ndipo fungo lake linandifika pamene ndinaima. Sindinkadziwa kuti mpira umakhala ndi fungo.

Kenako anayamba kutigawa potengera zaka. Panali gulu la osakwana zaka 10, la osakwana 12, la osakwana 14, kukwera choncho, ndi gulu la madoda lomwe. Ine ndinali ndi zaka 11. A Domingo anali atandiuza kale kuti m'gulu la osakwana 12 palibe amene akanandiimitsa, ndipo wopambana m'gulu lililonse ankatengedwa kukaphunzitsidwa mumzinda pa tchuthi. Ndinali ndisanakwereko mapiri a kumtunda. Ndinkangowaona ali buluu kutali uko.

Mkulu wa mpikisanowo anali bambo wina wa magalasi, a Makwinja, amene anakhala patebulo pakhomo la shedi. Nditafika kutsogolo kwawo anandiyang'ana kuyambira kumapazi, maso awo n'kukwera pang'onopang'ono mpaka kumutu.

"Iwe, zaka 12 sunakwane? Usatinamize, mwana iwe."

Ndinawauza kuti ndi zoona. Anafunsa khadi la kusikelo. Khadilo linapita ndi madzi pamodzi ndi nkhuku zathu ndili wakhanda. Makolo ena a alendo anali atayandikira, ndipo mayi wina wovala magalasi akuda ananena mosabisa mawu kuti anthu akuno amabisa zaka, ameneyu akhoza kukhala ndi mwana kunyumba.

Amayi anga anali pambali ndi dengu la nsomba zowamba. Analitula pansi.

"Bambo, mwana uyu ndinabereka ndine. Sindinamutole. Ndinam'berekera pachulu, chaka cha madzi aakulu, anthu akutithawitsa pa bwato. Mundiuze ndinu zaka zake?"

"Mayi," anatero a Makwinja akupukuta magalasi awo, "kuno madzi amasefukira chaka chilichonse. Tiwerengere madzi ati?"

Alendo anaseka. Kuseka kumeneko ndimakumvabe. A Makwinja anagamula kuti ndisewere ndi osakwana zaka 14, apo ayi ndikhale pabenchi ndizionerera. A Domingo anavula chipewa, nachipinda m'manja, nayamba kuchonderera ndi Chichewa chawo chopotoka. Munthu amene kwa ife anali wamkulu kuposa aphunzitsi onse anawerama ngati akupempha mchere. Zimenezo zinandiwawa kuposa kuseka kuja.

Amayi anandigwira dzanja. "Tiye kunyumba, mwananga. Sitinakolope nyumba iyi kuti adzatitukwaniremo."

"Nkhabe," ndinatero.

Ndinali ndisanawakanirepo amayi pagulu. Mawuwo anatuluka okha, m'Chisena, mokweza kuposa mmene ndinkafunira. Ndinachotsa dzanja langa m'dzanja lawo n'kutembenukira kutebulo.

"Ndilembeni kwa akuluakuluwo."

Amayi anandiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anasenza dengu lawo n'kumapita kumsika osacheuka. Ndinkadziwa kuti kunyumba kukandidikira mlandu, komanso kuti ulendo wa kumtunda uja ndautaya ndi pakamwa panga. Koma kukhala pabenchi mu shedi imene tinaikolopa tokha, kumaonerera ana a eni akusewera pa ukonde wa bambo anga, zimenezo sindikanazipirira.

Masewera anayamba ndi tiana tating'ono. Tina raketi inkatilemera, tina tinkalira tikagonja n'kuthamangira m'zitenje za amayi awo. Anthu a m'mudzi anadzaza mabenchi, ena anakhala pansi m'mbali mwa khoma, ndipo ankaombera m'manja mpira uliwonse, ngakhale wotuluka kunja kwa mzere. Woyimbira ankapempha bata mobwerezabwereza mpaka anatopa n'kusiya. Pa gulu la madoda, a Domingo anasewera ndi dokotala wina wa mimba yaikulu, ndipo anthu anaseka mpaka kugwira nthiti poona telala wawo atavala kabudula, miyendo ili pamtunda ngati ya nkhuku yososoledwa nthenga. Anagonja, koma anatuluka akumwetulira ngati wapatsidwa ng'ombe.

Mtsikana woyamba amene ndinakumana naye anali wa ku Lilongwe, wojintcha, womenya mwamphamvu. Koma simenti yathu inali yoterera, mpira ukagunda pansi sunkadumpha kwambiri, unkangotsetsereka chapansipansi. Iye ankaudikira m'chiuno, mpira n'kumudutsa m'maondo. Ine ndinakulira pa simentiyo. Ndinamugonjetsa. Mawa lake ndinagonjetsanso wina wa ku Zomba, movutikira. Kunyumba amayi sankandiyankhula. Ankangondiikira mbatata pamkeka n'kutembenukira kumbali. Bambo okha ndiwo anandifunsa monong'ona ngati ukonde ukugwira bwino ntchito.

Masewera omaliza a gulu lathu anali masana a tsiku lotseka. Wopikisana nane anali Yankho, mtsikana wa ku Blantyre amene aliyense ankamutchula ndi ulemu, chifukwa anali asanagonjepo kwa mtsikana mnzake. Sanali wonyada. Anandipatsa moni, anamanga tsitsi lake kumbuyo, naima pamzere. Mpira wake woyamba sindinauone. Ndinangomva malata a kumbuyo kwanga akulira. Wachiwiri chimodzimodzi. Ankaupotoza mpira m'njira imene a Domingo anali asanationetsepo, unkabwera ngati ukupita kumanja n'kuthawira kumanzere. Seti yoyamba, gawo loyamba mwa atatu a masewerawo, inatha ndisanadziwe n'komwe kuti yayamba.

Tikusinthana mbali, mnyamata wina pa mabenchi a alendo anakuwa kuti, "Bwerera kudambo ukavuule milamba, mayi iwe!" Anzake anagwa nacho chiseko.

Ndinakhala pansi. Kumaso kunkandiotcha. Nsapato zimene ndinavala zinali zobwereka kwa mwana wa mphunzitsi, zazing'ono, ndipo zala zinali zitatupa. Ndinazimasula n'kuziika pambali. Woyimbira anayang'ana a Makwinja, a Makwinja anangokweza mapewa, mwina poganiza kuti zatsala pang'ono kutha. Mapazi anga atagunda simenti, ndinamva ngati ndabwerera kwathu. A Domingo anawerama pafupi ndi khutu langa.

"Usalimbane naye mphamvu, Kakowa. Mpira ukabwera, ubweze. Ukabweranso, ubwezenso. Dzuwa ndi m'bale wako, si wake."

Apo m'pamene ndinamva phokoso pakhomo. Anali amayi, ndipo sanabwere okha. Kumbuyo kwawo kunali amayi onse a pamsika wa nsomba, ena ana ali kumsana, ena mamba a nsomba akadali m'manja. Munthu wina anali atathamanga kukawauza zimene mnyamata uja anakuwa. Sanapemphe malo. Anadutsa kutsogolo kwa mabenchi a alendo n'kukaima chilili m'mbali mwa khoma. Amayi sanandiyang'ane. Anapinda manja pachifuwa, maso ali pa a Makwinja.

Ndinayamba kubweza. Sindinkafuna kumenya mokongola. Yankho akaponya kungodya, ndinkathamangira komweko, akaponya kufupi ndi ukonde, ndinkatambasula mwendo n'kuutola usanagunde kachiwiri. Mpira umodzi tinkatha kubwezerana nthawi yaitali mpaka anthu kusiya kupuma. Dzuwa linali litakwera, malata anatentha, ndipo mu shedi munasanduka uvuni. Kwa ine kunali kofunda bwino. Yankho anayamba kupukuta kumaso pafupipafupi, malaya ake anamatirira kumsana, ndipo mipira yake inayamba kugwera mu ukonde. Nthawi iliyonse ndikapeza mfundo, amayi aja ankamenya malata a khoma ndi zikhatho, shedi yonse n'kunjenjemera, fumbi lakale la chimanga n'kumagwa kuchokera kudenga. Woyimbira atalengeza kuti seti yachiwiri ndatenga ine, mawu ake sanamveke. Nthungululu zinameza zonse.

Seti yachitatu tinayenda limodzi, iye akatenga gemu, ine n'kutenga yotsatira. Chikhatho changa chinachita matuza, limodzi linaphulika, chogwirira cha raketi n'kumaterera. Chakumapeto Yankho anasiya kumenya mwamphamvu, nayamba kundikokera kutsogolo ndi timipira tofewa kenako n'kuponya pamwamba pa mutu wanga. Anali ndi nzeru za masewera zimene ine ndinali ndisanazifike. Mpira womaliza ndinauthamangira chafutambuyo, ndinaumenya ndi mphamvu zonse zimene zinatsala, ndipo unakagwa kunja kwa mzere pang'ono chabe. Ndinagonja.

Sindinalire. Ndinaluma mlomo n'kupita pa ukonde kukam'gwira chanza. Yankho anali akupumira m'mwamba. Sanasiye dzanja langa msanga.

"Undiuze ine ndekha," anatero motsitsa mawu. "Uli ndi zaka zingati?"

"Khumi ndi chimodzi."

Anandiyang'ana m'maso, napukusa mutu. "Mayo ine," anatero. Iye yekha, mwa alendo onse aja, ndiye anandikhulupirira.

Popereka mphatso, anaitana magulu onse limodzilimodzi. Mtsikana amene anapambana kwa osakwana zaka 12 ndinali nditamuonerera akusewera, ndipo ndinkadziwa mumtima mmene zikanathera tikanakumana. Iye ndiye anapita kumtunda kukaphunzitsidwa. Atafika pa gulu lathu, a Makwinja anatchula dzina langa ngati wachiwiri, nanyamula kachikho kakang'ono kowala. Asanandipatse anatembenukira kwa anthu akumwetulira.

"Mwaona nokha mmene wasewerera mtsikanayu. Sitinalakwitse ayi. Gulu lake ndi lomweli."

Ndinaima pamenepo, mapazi ali pasimenti, ndipo ndinamvetsa chimene ankanena. Thukuta langa lonse lija analisandutsa umboni woti amayi anga ndi abodza. Ndikanagonja msanga akanati ndine wosadziwa, ndalimbikira akuti ndine wamkulu. Anatambasula dzanja ndi chikhocho. Ine manja anga ndinawaika kumbuyo.

"Takhuta, bambo," ndinathokoza m'Chisena. Mawu anga anamveka mpaka kumapeto kwa shedi. "Koma chikhochi ndi cha a zaka 14. Ine sindinafike. Mundisungire, ndidzachitenga ndikakula."

Munagwa bata loti mbuzi imene inkalira panja inamveka. A Makwinja anatsala atagwira chikho m'mwamba, osadziwa kochiika. Wina pa mabenchi a alendo anatsokomola. Kenako kuchokera kukhoma kunamveka nthungululu imodzi, yaitali, yakuthwa, ndipo ndinaizindikira ndisanacheuke kuti ndi ya amayi anga. Anzawo aja anailandira. A Domingo anaphimba nkhope ndi chipewa, mapewa awo akugwedezeka, ndipo mpaka lero sindidziwa ngati ankaseka kapena kulira.

Popita kunyumba amayi anali patsogolo, dengu lopanda kanthu lili pamutu, ine pambuyo nsapato za eni zili m'manja. Tinayenda mpaka pa mlambe wa pamphambano. Pamenepo anaima kundidikira.

"Ukanatenga kachikho kaja," anatero osandiyang'ana. "Bwenzi bambo ako akumweramo thobwa."

Kenako anandigwira kumbuyo kwa khosi ndi dzanja lawo lonunkha utsi wa nsomba, ndipo tinayenda choncho mpaka pakhomo.

Chikho chija sindinapite kukachitenga. Mpikisano sunabwerenso kwathu, ndipo kumtunda ndinakafikako ndili wamkulu kale, popita kukaphunzira zauphunzitsi. A Domingo anamwalira akadasokabe pamsika. Shedi ija mphepo yamkuntho ya zaka zapitazi inaisasula denga, malata otsala anthu anagawana, ndipo pasimenti pamene tinkasewera amayanikapo nandolo. Ine tsopano ndimaphunzitsa kwa Maseya. Loweruka lililonse m'nyengo yozizira timakankhira madesiki kukhoma mu holo ya sukulu n'kumangirira ukonde. Ana a lero ali ndi zikalata zakubadwa, palibe amene angawayeze zaka ndi maso. Tenisi amaionera pa foni, amadziwa mamenyedwe amene ine ndinawaona koyamba akundigonjetsa nawo. Zambiri zawafewera, ndipo ndimakondwera. Chimene ndimavutika kuwaphunzitsa ndi chija chosalembedwa m'malamulo, choti munthu akakunyoza pakhomo pako suchoka ndiwe.

Amayi ndi okalamba tsopano. Amaiwala kumene aika fodya wawo, amasokoneza mayina a adzukulu, nthawi zina amandiitana ndi dzina la mchemwali wawo amene anamwalira kalekale. Koma munthu angoyerekeza kufunsa kuti Rozina ali ndi zaka zingati. Amadzuka pamkeka, amawongola msana, ndipo amayankha osaphonya ngakhale chaka chimodzi, mokweza, kuti ndi a kumtunda omwe amve.